Mitu ya sitima ya NGG16 ku Wales: bwanji ili zigawo zitatu, nanga amaiyatsa motani?

Kamtedza

Moni nonse okonda zamashini. Funso langa likupita kwa amene mumazidziwa bwino sitima za malasha. Ku Wales kuli njanji ya Welsh Highland, yochokera ku Caernarfon kukafika ku Porthmadog, mtunda wa makilomita 40. Ndi yopapatiza zedi, mamilimita 597 okha pakati pa zitsulo ziwirizo, pamene yodutsa ku Limbe ndi ku Balaka ndi 1067. Chikundizunguza mutu n'chakuti mitu imene imakoka mabogi kumeneko inachokera ku South Africa, ya mtundu wa NGG16, ndipo umodzi umalemera matani oposa 60. Ukauyang'ana uli zigawo zitatu: thanki kutsogolo, boyila pakati ili lendee popanda mawilo pansi pake, nkhokwe ya malasha kumbuyo.

Ndiye ndikufunsa, chimphona chotere chimakwana bwanji pa kanjanji kameneka, ndipo anachidula patatu chifukwa chiyani? Chachiwiri, n'chifukwa chiyani osamalira mitu imeneyi amayamba kusonkha moto dzulo lake pamene ulendo ndi wa mawa? Kodi sangangokoleza moto waukulu m'mawa n'kunyamuka? Chachitatu, chimene chimavutavuta pa makina amenewa n'chiyani? Chonde fotokozani mwatsatanetsatane, ndi miyezo yomwe, chifukwa pano pali amakaniko ndi owotcherera amene akufuna kukadzipereka pa njanji zoterezi.

WaNyundo

Achimwene a Kamtedza, tiyambire pa njanjipo, pakuti njanji ndiyo imalamula maonekedwe a mutu. Anthu ankasankha njanji yopapatiza pofuna kupulumutsa ndalama m'mapiri. Imakhota mothina, choncho imalizungulira phiri m'malo moliboola, milatho yake ndi yopepuka, zitsulo zake n'zochepa thupi. Koma kutchipako kumadza ndi malamulo awiri. Ekiselo imodzi isasenze kulemera kwambiri, apo ayi zitsulo ndi milatho zigonja. Ndipo mawilo omangidwa pa felemu imodzi asatalikirane, apo ayi sakwana pakhona. Tsono katundu akachuluka pafunika boyila yaikulu, boyila yaikulu ifuna ma ekiselo ambiri, ma ekiselo ambiri pa felemu imodzi sakhota.

Mfundo imeneyi anaimasula ndi Herbert Garratt, amene analembetsa luso lake mu 1907, ndipo kampani ya Beyer, Peacock ya ku Manchester inapanga mutu woyamba, K1, mu 1909 n'kuutumiza ku Tasmania. Nzeru yake inali yoti pakhale mainjini awiri, iliyonse ndi felemu yake, mawilo ake ndi masilinda ake, ndiye boyila igone pa felemu yachitatu imene yatsamira mainjini awiriwo pa zikhomo ziwiri zozungulira. Taganizani anthu awiri atasenza mtanda wautali paphewa m'kanjira kokhotakhota: aliyense akutsata njira payekha, mtandawo ukungodula pakati. Pakhona, boyila imagwera mkati mwa khonayo, ndipo izi zimathandiza kuti mutu usapendekere kunja.

Phindu lina lili pansi pa boyila. Popeza palibe mawilo, ng'anjo imakhala yotakata ndi yozama mmene wopanga afunira, mpweya umalowa bwino, phulusa limachotsedwa mosavuta, ndipo boyilayo imakhala yaifupi koma yonenepa. Boyila yotero imapanga nthunzi msanga kuposa yaitali yowonda.

NGG16 ndi mutu wa mtundu umenewu, wotchedwa Garratt, ndipo miyezo yake ndi iyi. Mawilo amawawerenga kuti 2-6-2+2-6-2, kutanthauza kuti injini iliyonse ili ndi mawilo awiri otsogolera, 6 okoka, ndi awiri otsatira. Okoka onse pamodzi ndi 12, lililonse mamilimita 838 kukula kwake. Masilinda ndi anayi, mainchesi 12 m'mimba, pisitoni n'kumayenda mainchesi 16. Pulesha ya boyila ndi 180 psi, pa muyezo uja timayezera mpweya wa m'matayala. Mukagawa matani oposa 60 aja pa ma ekiselo 10, iliyonse ikusenza pafupifupi matani 7 kapena kucheperapo, ndiye yankho la funso lanu loyamba lagona pamenepo. Inapangidwa 34 kuyambira 1937 mpaka 1968, ina ndi Cockerill ku Belgium, yambiri ndi Beyer, Peacock, yomaliza ndi Hunslet Taylor ku South Africa komweko. Inkagwira ntchito pa njanji za mamilimita 610 monga ya Port Shepstone kupita ku Harding. Nambala 143, imene ili ku Wales, ndiyo Garratt yomaliza imene Beyer, Peacock anapanga, mu 1958. Ku Welsh Highland inafunika chifukwa njanjiyo ili ndi zitunda zokwera mita imodzi pa mamita 40 alionse, kuphatikizapo makhona othina a ku Beddgelert.

Koma kapangidwe kameneka kali ndi matenda akeake, ndipo makaniko awadziwe. Oyamba ali pa mapaipi a nthunzi. Nthunzi imachokera pa boyila kupita ku mainjini amene akugwedezeka paokha, choncho mapaipi ali ndi mfundo zozungulira ngati bondo ndiponso mfundo zotha kutalika ndi kufupika. Nthunzi yotha ntchito ya injini yakumbuyo imayenda ulendo wautali pansi pa boyila kuti ikatulukire ku chumuni. Mfundo iliyonse ndi malo otha kudontha, ndipo ikadontha m'mawa wozizira dalaivala saona kutsogolo chifukwa cha nthunzi. Achiwiri ali pa zikhomo ziwiri zija. Mphamvu yonse ya injini yakutsogolo imadutsa pamenepo popita ku mabogi. Zikadyeka mumamva kugogoda nthawi iliyonse dalaivala akatsegula kapena kutseka regulator, valavu yotumiza nthunzi ku masilinda, ndipo kuzikonza kumafuna kunyamula boyila ndi felemu yake yomwe. Zisasowe oyilo ngakhale tsiku limodzi.

Achitatu ndi kuterereka. Madzi a m'thanki yakutsogolo ndi amene amakanikiza mawilo a injini yakutsogolo pa njanji, ndipo malita 1000 alionse ndi tani imodzi. Thanki ikamaphwa injiniyo imapepuka. Regulator ndi imodzi ya mainjini onse awiri, ndiye imodzi ikayamba kupalasa imameza nthunzi yambiri, inzake n'kufooka. Dalaivala amabweza regulator msanga, kuthira mchenga mawilo atasiya kupalasa, n'kutsegulanso pang'onopang'ono. Kuthira mchenga mawilo ali mkati mopalasa kumawagwiritsa mwadzidzidzi, ndipo kukhoza kupinda ndodo zolumikiza mawilo. Mchengawo ukhale wouma ndi wosefa, chifukwa wonyowa umatseka paipi pa nthawi imene mukuufunitsitsa.

Nachisale

A WaNyundo afotokoza bwino za mafupa ake. Ine ndiyankhe za moto ndi madzi, chifukwa pamenepo ndi pamene pali moyo wa anthu.

Chifukwa chosonkhera moto dzulo lake ndi kufutukuka kwa chitsulo. Pa 180 psi madzi a m'boyila amakhala pa madigiri pafupifupi 193. Chitsulo chikachoka pozizira n'kufika pamenepo chimatalika mamilimita awiri pa mita iliyonse, ndipo mkuwa umaposa apo. Vuto n'lakuti mbali zonse sizitentha nthawi imodzi. Machubu odutsa utsi ndi opyapyala ndipo amatentha msanga. Chikopa chakunja cha boyila n'chochindikala, chimatsalira. M'munsi mwa ng'anjo, mmene mumakhala madzi ozizira, ndimo mumachedwa koposa. Mukakoleza chimoto chachikulu pa boyila yozizira, mbali ina ikukoka pamene ina ikukana. Machubu amasukusa pamene analowetsedwa m'chitsulo cha ng'anjo n'kuyamba kudontha, ndipo timabawuti tambirimbiri togwira khoma lamkati ndi lakunja la ng'anjo, timene amati stays, timathyoka kamodzikamodzi. Siziwoneka tsiku lomwelo, zimadzaoneka pakapita miyezi. Ndiye boyila ikakhala yozizira amayatsa kamoto kakang'ono madzulo kuti ifunde usiku wonse, m'mawa n'kutenganso maola atatu kapena anayi kukweza pulesha pang'onopang'ono.

Musanagwire machesi pali zoyamba kuona, ndipo ndondomeko yake siidumphidwa. Choyambirira ndi madzi. Mu kabu muli magalasi awiri oonetsa mulingo wa madzi. Galasi lopanda madzi ndi lodzaza kwambiri amaoneka mofanana, choncho musakhulupirire maso okha. Tsegulani kampopi kapansi kotayira, muone madzi akutsika, mutseke, muone akubwerera msangamsanga. Akabwerera mwaulesi ndiye kuti kanjira kena katsekeka ndi litsiro ndipo galasilo likunama. Poyatsa pakhale madzi osachepera theka la galasi.

Kenako tengani tochi muunike m'ng'anjo. Yang'anani kudenga ngati pali chinyontho, yang'anani milomo ya machubu, mitu ya stays, khonde la njerwa lotchinga malawi ngati lili chilili, ndi zitsulo zapansi zogonekapo malasha ngati palibe yopindika kapena yogwa. Pitani kutsogolo mutsegule chitseko cha bokosi la utsi, mukokolole zinyenyeswa zadzulo, mutseke mothinitsa. Chitseko chimenechi chikamalowetsa mpweya, chikoka cha moto chimafooka ndipo zinyenyeswa zimayaka mkatimo mpaka chitseko kupindika. Pomaliza, buleki yamanja ikhale yomanga, giya ikhale pakati, regulator yotseka, timipopi tapansi pa masilinda totsegula. Izi n'zoti regulator ikamadontha nthunzi ituluke panja, mutu usayambe kuyenda wokha m'shedi mulibe munthu.

Kuyatsa kwake n'kosavuta: malasha ochepa pansi, nkhuni zouma pamwamba, sanza yoviika mu palafini pa fosholo, kuiyatsa n'kuiponya mkati. Petulo ayi. Nkhuni zikagwira moto mumawonjezera malasha pang'onopang'ono mpaka pansi ponse pataphimbika. Pulesha ikayamba kuoneka pa geji musathamangire kutsegula blower, kampopi kouzira nthunzi m'chumuni kuti moto ukoke, chifukwa kufulumizitsa moto ndi kumene tikupewa. Nthawi yodikirayi ndi yothira oyilo. Wa m'masilinda ndi wolemera, wopirira nthunzi yotentha, wa ma bearing ndi wopepukirapo, ndipo musawasinthanitse. Onani zingwe za ubweya zokoka oyilo m'timabokosi, ndipo ngati mwalowa madzi a mvula achotseni, chifukwa oyilo amayandama pamwamba bearing n'kumamwa madzi. Pulesha ikakwera yesani ma injector onse awiri (zida zogwiritsa nthunzi ya m'boyila kukankhira madzi m'boyila momwemo), onani kuti valavu yotetezera ikuphulika pa mzere wofiira wa geji, ndipo yesani buleki ya vacuum kuti ikufika mainchesi 21 pa geji yake. Chimodzi mwa izi chikalephera, mutuwo sutuluka.

Tsopano za chitunda, zimene ndikufuna wophunzira aliyense azimvetse kuposa china chilichonse. Madzi amakhala chogona nthawi zonse ngakhale boyila ipendekeke. Pa chitunda cha mita imodzi pa 40, mita iliyonse ya kutalika kwa boyila imabweretsa kusiyana kwa mamilimita 25. Mukamakwera chumuni chili kutsogolo, madzi amathamangira kumbuyo kumene kuli ng'anjo ndi magalasi, galasi n'kumaonetsa madzi ambiri. Komanso regulator ikakhala yotsegula madzi amatukuka, galasi n'kuwonjezera bodza. Mukafika pamwamba, monga cha ku Rhyd Ddu, dalaivala atseka regulator, mutu uweramira kutsogolo, agwira buleki, zonsezi zikuthamangitsira madzi kutsogolo nthawi imodzi. Amene anafika pamwamba ndi theka la galasi akhoza kuona galasi lili mbee. Pamenepo denga la ng'anjo latsala lopanda madzi, moto uli pansi pake.

Denga limenelo limalimba chifukwa madzi akulizizitsa. Likauma limafiira, kufewa, pulesha n'kulikankhira pansi. Chifukwa chake kudengako amamangako mabawuti a mkuwa oboola pakati, odzazidwa ndi mtovu, otchedwa fusible plugs. Mtovu umasungunuka pa madigiri 327, ndiye denga likayamba kupsa umatsika, nthunzi n'kulowa m'ng'anjo ndi mkokomo. Ambiri amaganiza kuti nthunziyo imazimitsa moto. Siikwanira, ndi chenjezo chabe. Chochita ndi kutsegula ma injector onse awiri ndi kugwetsa kapena kupha moto nthawi yomweyo, ndipo boyilayo siyatsidwanso mpaka woyendera maboyila aione.

Madzi ochuluka nawonso ndi ngozi. Akadzaza mpaka pamwamba amakokedwa ndi nthunzi kulowa m'masilinda. Mumamva kulira kwa chumuni kwasintha, kukhala kofewa, ndipo pachumuni pamagwa mvula yakuda. Madzi safinyika, choncho pisitoni ikawapeza kumapeto imaswa chivundikiro cha silinda kapena kupinda ndodo. Tsegulani timipopi tapansi pa masilinda msanga n'kuchepetsa regulator. N'chifukwa chakenso ponyamuka pamalo pamene mutu unaima nthawi, timipopito timakhala totsegula kwa mamita angapo.

Chomaliza, ku Aberglaslyn njanji imalowa m'mphanga zoboola m'thanthwe. Lamulo ndi lakuti blower itsegulidwe regulator isanatsekedwe, ndiponso musanalowe m'phanga, chitseko cha ng'anjo chili chotseka. Chikoka cha chumuni chikaduka mwadzidzidzi, malawi amabwerera kudzera pachitseko n'kudzaza kabu yonse.

Kamtedza

Zikomo kwambiri a WaNyundo ndi mayi Nachisale, zamveka. Koma pa injector pandisokoneza. Mwati imagwiritsa nthunzi ya m'boyila kukankhira madzi m'boyila momwemo. Pulesha yake ndi imodzimodzi, nanga madziwo amapambana bwanji n'kulowa? Mulibe pampu mkatimo? Ndipo ikakana kugwira pakati pa ulendo munthu ayambire pati?

WaNyundo

Mulibe pampu, achimwene, mulibe ngakhale chozungulira. Anaitulukira ndi Henri Giffard wa ku France mu 1858. Mkati mwake muli timafanulo titatu ta mkuwa tondondozana. Koyamba kamapanikiza nthunzi kuti ituluke ndi liwiro lalikulu, pulesha yake n'kusanduka liwiro. M'kachiwiri nthunziyo imakumana ndi madzi ozizira ochokera m'thanki, imasanduka madzi pomwepo, koma liwiro lake imalipatsira madzi aja. Madzi ndi olemera kutalitali kuposa nthunzi, choncho chimene chikutuluka ndi mtsinje wolemera wothamanga. Kachitatu kamayamba mothina n'kumatakasuka, mtsinjewo umachepa liwiro, liwirolo n'kubwerera kukhala pulesha yoposa ya m'boyila. Ndiye umakankha valavu yolowera mbali imodzi, imene amati clack, n'kulowa. Madziwo amalowa atatenthedwa kale, zimene zili zabwino kwa boyila.

Mukamvetsa kuti chinsinsi chonse ndi nthunzi kusanduka madzi m'kafanulo kachiwiri, matenda ake mwawadziwa kale. Kayatsidwe kake, mumayamba kutsegula madzi mpaka aoneke akutuluka pa paipi yotayira, kenako nthunzi, kenako n'kumachepetsa madzi pang'onopang'ono mpaka potayira paume. Ikagwira imaimba kamluzu kake. Pakamatuluka nthunzi potayira, madzi achepa. Pakamatuluka madzi, achuluka.

Ikakana, yambani ndi zapafupi. M'thanki muli madzi? Sefa ya pansi pa thanki sinatsekeke ndi dzimbiri, masamba kapena zidutswa za malasha? Gwirani thupi la injector: ngati likuwotcha, ndiye kuti clack kapena valavu ya nthunzi ikudontha n'kumaitenthetsa. Tsekani nthunzi, lolani madzi ozizira adutse kwa kanthawi, kapena ithireni ndowa ya madzi, muyesenso. Clack ikakakamira chotsegula mudzamva nthunzi ikubwerera mwaukali. Tsekani valavu yake yodulira n'kugwiritsa injector inayo. Kenako onani kutentha kwa madzi a m'thanki. Akapitirira madigiri 40 ma injector ambiri amayamba kuvuta, chifukwa madzi ofunda sameza nthunzi mokwanira. Izi zimachitika thanki ikakhala padzuwa madzi ali ochepa, ndipo mankhwala ake ndi kudzaza madzi ozizira. Pa Garratt onaninso mapaipi a labala otenga madzi kuchokera ku thanki, chifukwa amapindika pakhona iliyonse, ndipo kabowo kolowetsa mpweya ngakhale kakang'ono kamadula mtsinje uja.

Zonsezi zikakhala bwino, vuto lili m'timafanulo. Mwina tamera miyala ya m'madzi, mwina tadyeka, mwina kena kamasuka. Tiviikeni m'mankhwala osungunula miyalayo, musatikolokose ndi waya kapena kubowola, chifukwa kukula kwa kabowo kukasintha ngakhale pang'ono injector yatha ntchito. Ndipo lamulo ndi ili: ma injector onse awiri akakana pamene madzi akutsika m'galasi, imitsani sitima, gwetsani moto madzi asanabisike. Osadikira kuti mwina igwira.

Mbewe wa ku Bulawayo

Ndawerenga zonse, n'zoona. Koma funso lachitatu la a Kamtedza, loti chimavutavuta n'chiyani, ine ndiyankha mosiyanako ndi a WaNyundo. Mfundo za mapaipi ndi zikhomo zimakonzeka. Chimene chimagoneka mitu ya sitima zaka ndi zaka m'mashedi ndi boyila, ndipo chimene chimapha boyila ndi madzi oipa.

Madzi alionse ali ndi mchere ndi laimu. Nthunzi ikamachoka zimenezi zimatsala, tsiku ndi tsiku, mpaka kumera ngati chikhakha cha m'ketulo. Chikhakhacho chimatchinga kutentha, ndiye chitsulo cha ng'anjo chimapsa ngakhale galasi likuonetsa madzi okwanira. Matope amakhazikika m'munsi mwa makoma a ng'anjo, mmene mpata wake ndi wa mainchesi ochepa. Mpweya wosungunuka m'madzi umaboola machubu timaenje ngati nthomba. Mankhwala ake ndi atatu. Kuthira mankhwala m'thanki, kawirikawiri soda ndi tannin, kuti pH ya madzi a m'boyila ikhale cha m'ma 11, ndi kumayeza kawirikawiri osati kungoganizira. Kutaya madzi pang'ono pa valavu yapansi boyila ili ndi pulesha, kuti matope atuluke ndi mchere uchepe. Mchere ukachuluka madzi amachita thovu n'kulowa m'masilinda monga anenera mayi Nachisale. Ndi kutsuka boyila pakatha masiku ogwira ntchito amene njanjiyo inaika, kawirikawiri milungu iwiri mpaka inayi malinga ndi madzi akumaloko.

Potsuka, boyila izizire yokha, musaithire madzi ozizira ili yotentha. Masulani mabawuti otsukira ndi tizitseko ta matope, ndipo chilichonse muchiike pa bolodi ya manambala kuti chibwerere pabowo pake. Tsukani ndi paipi yamphamvu kuyambira pamwamba kutsikira pansi, kolokosani ndi ndodo ya mkuwa, unikani ndi nyali ndi kagalasi mpaka chitsulo chioneke. Pobwezera, bawuti iyambe kulowa ndi dzanja. Mabawutiwa ndi osongoka pang'ono, ndipo ikalowa mopingasa mano imaoneka yothina koma imadzafwamphuka pulesha ikakwera. Musayese kuthinitsa bawuti yodontha boyila ili ndi pulesha. Nthawi yomweyo gogodani mitu ya stays ndi kanyundo: yamoyo imalira ngwee, yothyoka imalira mogontha. Ina imabooledwa kabowo pakati kuti ikathyoka izidontha n'kudziulula.

Ku Britain woyendera maboyila amaiona pafupifupi chaka chilichonse, ili yozizira kenako ili pa nthunzi, ndipo pakatha zaka pafupifupi 10 boyila imatsitsidwa, machubu onse kuchotsedwa. Ikakonzedwa amayamba kuiyesa ndi madzi opopa, osati nthunzi, pa pulesha yoposa yogwirira ntchito, nthawi zambiri kuwonjezera theka, ndiye ya 180 psi ikhoza kufika 270. Amatero chifukwa madzi ozizira safutukuka, pakang'ambika amangodontha. Madzi otentha a m'boyila akapeza potulukira amasanduka nthunzi yochuluka kuwirikiza ka 1600, ndiko kuphulika kumene timaopa. Kwa owotcherera amene mwatchula: boyila siwotchereredwa ndi aliyense. Pamafunika wa satifiketi ya ziwiya za pulesha, chitsulo chodziwika mtundu wake, ndi chilolezo cha woyendera ntchito isanayambe.

Malasha nawo asanduka mutu waukulu. Mgodi wa Ffos-y-fran, umene unkapereka malasha abwino a ku Wales ku njanji zambiri zakale, unatsekedwa mu 2023, ndipo tsopano amadalira ochokera kunja ndi ena oumba. Mtundu uliwonse uli ndi kasonkhedwe kake. A utsi wambiri amafuna moto wopyapyala, mafosholo ochepa pafupipafupi, chitseko chotsegula pang'ono kuti mpweya wapamwamba upsereze utsi. Utsi wakuda bii ndi malasha ongotaya, wotuwa pang'ono ndiye wabwino. Dzadzani m'makona ndi m'mbali, pakuti pakabooka dzenje pamoto mpweya wozizira umalowa n'kukamenya machubu. A phulusa losungunuka msanga amaumba chigamba cholimba pa zitsulo zapansi, mpweya n'kutsekeka: moto umafiira m'malo moyera, pulesha n'kumatsika ngakhale mukuthira malasha. Kuuvundula kwambiri ndi chitsulo kumawonjezera vutolo chifukwa kumasakaniza phulusa ndi makala amoto. Chigambacho chimaswedwa ndi kuchotsedwa sitima itaima.

Amene muli ku South Africa simufunika kuwoloka nyanja kuti muone zimenezi. Ku Sandstone, pafupi ndi Ficksburg ku Free State, kuli njanji ya mamilimita 610 ndi mitu yambiri, ya NGG16 ndiponso timitu ta Lawley timene tinkayenda pa njanji ya Beira kupita ku Umtali (lero Mutare) isanakulitsidwe kukhala 1067 mu 1900.

Nachisale

A Mbewe anena zoona pa madzi. Ndiwonjezere za madzulo, chifukwa boyila zambiri zimavulala pogona osati poyenda. Mutu ukabwera ku shedi musagwetse moto wonse n'kusiya zitseko pululu. Mpweya wozizira ukadutsa m'ng'anjo yotentha umachita zomwe zija za m'mawa, koma chobwerera. Lolani moto ufooke pa makilomita omaliza, dzazani madzi pang'onopang'ono moto ukadalipo mpaka galasi litatsala pang'ono kudzaza, pakuti madzi akazizira amatsika. Chotsani chigamba ndi phulusa, nyowetsani phulusalo, kokololani bokosi la utsi, kenako tsekani chitseko cha ng'anjo ndi tizitseko ta mpweya tapansi, ena amavundikiranso chumuni. Tsekani mavalavu a magalasi ndi a nthunzi, mangani buleki yamanja, giya pakati, timipopi ta masilinda totsegula. M'nyengo ya chisanu cha ku Wales tayani madzi m'ma injector ndi m'mapaipi aang'ono, chifukwa akaundana amang'amba mkuwa.

Musanachoke yendani kuzungulira mutu wonse mukugwira ma bearing ndi kunja kwa dzanja. Wofunda ali bwino. Wowotcha moti dzanja silikhalapo ndiye kuti oyilo sakufika kapena chitsulo choyera chamkati chayamba kusungunuka, ndipo zimenezo zilembedwe m'buku la zovuta usiku womwewo kuti a m'mawa azipeze. Odzipereka atsopano amayambira pa ntchito yopukuta ndi kuchotsa phulusa, kenako amayesedwa mayeso a usonkhamoto, udalaivala n'kudzabwera patapita zaka. Popita tengani nsapato za chitsulo kumphuno, ovolosi ya thonje osati ya nayiloni chifukwa nayiloni imasungunukira pakhungu, magolovesi achikopa, ndi tochi yaing'ono yokwana m'thumba.